Kucokera ku Coko ca Tsvet Kufika pa Thumba Lathu la Unga

Mu Ogasiti 2024 nduna ya zaumoyo, a Elijah Muchima, anauza dziko kuti agalu pafupifupi 400 anali atafa m'mwezi umodzi cabe atadya zakudya za cimanga coipa. Boma linali litatenga masampulo 25 m'makampani ogaya cimanga, ndipo pafupifupi theka la masampulowo anapezeka ndi poizoni wochedwa aflatoxin wopitirira muyezo. Ambiri a ife tinayamba kuliyang'ana ndi diso lina thumba la unga limene linali pakona m'khichini. Koma kuyang'anako sikunatithandize kanthu. Unga wa aflatoxin ungathe kukhala woyera mbee, wopanda fungo lililonse lacilendo, ndipo nsima yake imatsika bwinobwino ndi kapenta. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga munthu amadziwa bwanji kuti unga uwu uli ndi poizoni, uwu ulibe, pamene diso, mphuno ndi lilime zonse zalephera? Yankho lake lili mu njira yopimira zinthu yochedwa chromatography. Mbiri yake ndi yoyenera kuti tiidziwe, cifukwa imationetsa mmene anthu anaphunzirira kuona cimene cabisala m'cakudya, m'mankhwala ndi m'magazi. Imayambira kwa munthu amene sanali kuganiza n'komwe za cimanga.

Munthu amene anafunsa za tsamba

Mikhail Tsvet anabadwa mu 1872 m'tauni ya Asti ku Italy. Atate ake anali a ku Russia, amai ake a ku Italy. Anakulira ku Switzerland ndipo anaphunzira za zomera pa yunivesite ya Geneva. Atapita kwao kwa atate ake, akuluakulu a maphunziro ku Russia anakana mapepala ake a ku Geneva, motero anayambanso kulemba cina catsopano kuti apeze digiri yovomerezeka, imene anailandira ku Kazan mu 1901. Pambuyo pake anapeza nchito yaing'ono pa yunivesite ya Warsaw, mzinda umene pa nthawiyo unali pansi pa ulamuliro wa Russia.

Funso lake linali la masamba. Tikaona cibwabwa kapena repu timati ndi zobiriwira, basi. Tsvet anali kufuna kudziwa kuti m'kubiriwirako muli mitundu ingati ya utoto. Panali cinthu cimodzi cimene cinali kumuzunguza mutu. Akaviika masamba ouma m'mafuta opepuka ochedwa petroleum ether, utoto wacikasu wokha ndiwo unali kutuluka. Akathiramo madontho ocepa a alcohol, utoto wonse unali kutuluka, wobiriwira womwe. Anzake anali kunena kuti utoto wobiriwira susungunuka m'mafutawo. Iye anaganiza kuti utotowo umasungunuka ndithu, koma umakhala utamamatira ku thupi la tsamba, ndipo alcohol ndiye amaumasula.

Ngati utoto wina umamatira kwambiri ndipo wina pang'ono, ndiye kuti kumamatirako kungagwiritsidwe nchito powalekanitsa. Anatenga kapaipi kagalasi n'kukaimika, n'kukadzaza ndi ufa wa coko. Pamwamba anathira madzi obiriwira ofinyidwa m'masamba, kenaka n'kumathira mafuta aja pang'onopang'ono. Pamene mafuta anali kutsika, cobiriwira cija cinayamba kugawikana. M'coko munaoneka mizere yopingasa, wina pamwamba pa unzake: wacikasu, wobiriwira motuwirako, wobiriwira mopita ku buluu, wina wacikasu. Utoto wa carotene, womwe uja wa mu karoti, sunamamatire n'komwe ndipo unatsika mpaka kutulukira kunsi. Anakankha coko conse kucitulutsa m'kapaipi, n'kuceka mzere uliwonse ndi mpeni. Motero anakhala ndi utoto uliwonse pawokha, kuphatikizapo mitundu iwiri ya chlorophyll imene lero timaicha a ndi b.

Tiganizire anthu makumi awiri amene atsika m'basi imodzi n'kulowa pa geti imodzi ya msika wa Soweto. Amene alibe cogula amadutsa osaima n'kutulukira mbali ina mwamsanga. Okonda salaula amaima pa mulu uliwonse. Ofuna tomato amaima kawiri kapena katatu cabe. Munthu amene waima pa geti yotulukira ndi wochi m'manja adzaona kuti akutuluka m'timagulu, ndipo akacita zimenezi masiku angapo adzayamba kudziwa gulu lililonse poona nthawi imene latulukira. Mu chromatography muli zinthu ziwiri zomwezo: cina cimene cimayenda n'kunyamula zosakanikirana, ndi cina cimene caima n'kumazicedwetsa, ciliconse mwa mlingo wake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo njirayi imafuna kudekha komweko.

Tsvet anafotokoza njira yake koyamba pa msonkhano wa asayansi ku Warsaw mu 1903, atayesa mitundu ya ufa yoposa 100. Mu 1906 analemba nkhani ziwiri m'magazini ya akatswiri a zomera ya ku Germany, ndipo m'menemo ndi mmene munaonekera dzina lakuti chromatography, kucokera ku mau a Cigiriki otanthauza kulemba ndi mitundu. Dzina lake lenilenilo, Tsvet, m'Cirasha limatanthauza mtundu wa cinthu, monga kufiira kapena kubiriwira. Iye anacenjezeratu kuti njirayi si ya utoto wokha, ingagwirenso nchito pa zinthu zopanda mtundu.

Zaka 25 m'kabati

Akatswiri a chemistry sanamumvere. Tsvet anali munthu wa zomera, wosachuka, ndipo buku lake lalikulu la mu 1910 linali m'Cirasha, cinenero cimene asayansi ambiri a ku Germany, France ndi Britain sanali kuwerenga. Richard Willstätter wa ku Germany, amene anali katswiri wamkulu pa nkhani ya chlorophyll ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1915, anaiyesa njirayi n'kuona kuti utoto ukuonongeka m'kapaipi. Tsvet anali atalemba kuti chlorophyll amafuna ufa wofatsa, monga shuga wosinja. Koma mau a munthu wamkulu ndiwo anamveka, ndipo ambiri anaisiya njirayo.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inamalizitsa zotsala. Mu 1915 asilikali a Germany atayandikira Warsaw, Tsvet anathawa. Mu 1917 anapatsidwa udindo wa pulofesa ku Tartu, koma caka cotsatira anasamutsidwanso kupita ku Voronezh, kumene anamwalira mu 1919 ali ndi zaka 47.

Njira yake inadzukanso mu 1931 ku Heidelberg. Mnyamata wina wochedwa Edgar Lederer, amene anali kugwira nchito mu labu ya Richard Kuhn, anali kufuna kudziwa ngati cikasu ca dzira ndi utoto umodzi kapena ingapo. Kuhn anali wophunzira wa Willstätter, ndipo kwa mphunzitsi wake yemweyo ndi kumene anapeza buku la Tsvet lomasuliridwa m'Cijeremani. Lederer anatsatira malangizo ake ndipo zinatheka. Iye, Kuhn ndi Alfred Winterstein analekanitsa mitundu iwiri ya utoto m'cikasu ca dzira, ndiponso anaonetsa kuti carotene ali mitundu yoposa umodzi. M'zaka zocepa cabe malabu a ku Europe anadzaza ndi timapaipi ta Tsvet.

Ubweya wa nkhosa, pepala ndi mpweya

Sitepe yotsatira inacokera ku Leeds, ku England, mu labu yofufuza za ubweya wa nkhosa. Archer Martin ndi Richard Synge anali kufuna kudziwa timagawo timene timapanga puloteni ya ubweya, tochedwa ma amino acid. Timeneti tilibe mtundu ndipo timafanana kwambiri. Mu 1941 anapeza kuti m'malo modalira kumamatira ku ufa wouma, angathe kunyowetsa ufa wa silica ndi madzi, n'kudutsitsapo mankhwala ena amadzimadzi amene sasakanikirana ndi madzi. Cinthu cokonda madzi cimacedwa, cokonda mankhwala enawo cimafulumira.

Mu 1944 Martin ndi anzake awiri, Consden ndi Gordon, anaonetsa kuti pepala losefera lingagwire nchito yomweyo. Udontheza kadontho pafupi ndi m'munsi mwa pepala, n'kuviika nsonga yake m'mankhwala, ndipo mankhwalawo akamayenda m'pepala amasiya timadontho m'malo osiyanasiyana. Aliyense wa ife angayese zimenezi kunyumba: lembani kadontho ndi maka yakuda pa kacidutswa ka pepala lomwa madzi, muviike nsonga yake m'madzi ocepa, ndipo nthawi zambiri mudzaona kuti wakudayo anali buluu, wofiira ndi wacikasu osakanikirana. Njira yochipa imeneyi ndi imene inathandiza Frederick Sanger ku Cambridge kupeza mndandanda wonse wa ma amino acid a insulin, nchito imene anaimaliza mu 1955. Martin ndi Synge analandira mphoto ya Nobel mu 1952.

M'nkhani yao ya mu 1941 anali atanenamo zinthu zina ziwiri. Coyamba, conyamula cija cingathe kukhala mpweya m'malo mwa zamadzimadzi. Caciwiri, ufa wosalala kwambiri ndi kukankha mwamphamvu zingalekanitse zinthu bwino koposa. Patapita zaka khumi, Martin mwini wake ndi Anthony James anayesa ganizo la mpweya ku London, n'kulengeza mu 1952. Imeneyo ndiyo gas chromatography, imene makampani oyenga mafuta anaithamangira nthawi yomweyo. Ganizo laciwiri linadikira mpaka m'zaka za m'ma 1960, pamene Csaba Horváth ku Yale ndi ena anapanga makina amene lero timawacha HPLC. Pakati apa, Egon Stahl wa ku Germany anakonza bwino njira yopaka ufa wopyapyala pa galasi lafulati, yochedwa TLC, imene inali yofulumira kuposa pepala. Galasi limeneli ndilo linali litangofika m'malabu pamene tsoka linagwera alimi a ku England.

Nkhukundembo 100,000

Mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa m'mafamu a ku England. Zinali kuleka kudya, kufooka, n'kufa m'masiku ocepa, ndipo madokotala a ziweto akazing'amba anali kupeza ciwindi citaonongeka. Posowa dzina, matendawo anawacha Turkey X. Sanapeze kacilombo kalikonse. Cimene cinali cofanana m'mafamu onse cinali cakudya: munali zotsala za nshawa zofinyidwa mafuta zimene zinabwera pa sitima kucokera ku Brazil. Posakhalitsa kunamveka kuti ana a abakha akufa mofananamo ku Kenya ndi ku Uganda, atadya nshawa za komweko. Apa zinaonekeratu kuti vuto silinali la Brazil yokha.

Asayansi a ku Central Veterinary Laboratory ku Weybridge ndi a ku Tropical Products Institute ku London anayamba kusaka. Njira yao yoyamba yodziwira ngati sampulo ili ndi poizoni inali yankhanza ndi yocedwa: kudyetsa ana a abakha a tsiku limodzi n'kudikira kuona ziwindi zao. Kenaka anayendetsa madzi ofinyidwa m'nshawazo pa pepala la chromatography. Pepalalo linaoneka lopanda kanthu. Ataliyika pansi pa nyale ya ultraviolet m'cipinda camdima, panaoneka kadontho kowala buluu, ndipo kanali kuoneka pa masampulo amene anali kupha abakha. Mu 1961 analengeza kuti poizoniyo amapangidwa ndi cuku cochedwa Aspergillus flavus. Dzina lakuti aflatoxin linacokera pamenepo: A wa Aspergillus, fla wa flavus, ndi toxin, kutanthauza poizoni.

Atasamukira pa galasi la TLC, kadontho kamodzi kaja kanagawikana pawiri, kena kowala buluu, kena kowala mobiriwira. Anatipatsa zilembo B ndi G, zoyambira maina a mitundu iwiriyo m'Cingelezi. Atakonza njirayo bwino, timadontho tinakhala tinai: B1, B2, G1 ndi G2. Maina amenewa, amene mpaka lero amalembedwa pa lipoti lililonse la labu, ndi cikumbutso ca mmene timadontho tinaimira pa galasi. Mu 1963 gulu la George Büchi ku MIT, ku America, linapeza kapangidwe ka B1 ndi G1. Pa nthawiyo zinali zitadziwika kale kuti makoswe a mu labu odyetsedwa nshawa zomwezo anali kudwala khansa ya ciwindi.

Lero tidziwa zambiri. Aflatoxin B1 ali m'gulu la zinthu zimene zatsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu, ndipo ngozi imakula kwambiri kwa munthu amene ali ndi kacilombo ka hepatitis B. Kuphika sikumuononga, cifukwa amafuna kutentha kopitirira madigiri 200 pamene nsima imabwata pa madigiri 100. Ng'ombe ikadya cakudya coipa, mtundu wina wa poizoniyu wochedwa M1 umatulukira mu mkaka. Akaculuka kwambiri amapha mwamsanga: mu 2004 kum'mawa kwa Kenya anthu 317 anadwala atadya cimanga coipa, ndipo 125 anamwalira.

Nambala imene imatsegula ndi kutseka misika

Cinthu cikayamba kupimika, malamulo amatsatira. Aflatoxin amawerengedwa mu ppb, kutanthauza gawo limodzi pa magawo 1 biliyoni. Kuti timvetse, titenge piritsi limodzi la Panadol la mamiligiramu 500, tiligawe tizidutswa 500, titenge kamodzi n'kukasakaniza m'matumba 40 a unga a makilogiramu 25. Imeneyo ndiyo 1 ppb. Dziko la America limalola mpaka 20 ppb m'zakudya za anthu. Maiko a European Union amalola 4 ppb cabe pa nshawa zodya mwacindunji.

Kuti labu ione kanthu kocepa conco, imagaya sampulo, kusungunula poizoni m'mankhwala monga methanol, kusefa, n'kubaya kadontho m'makina a HPLC. Pampu imakankha kadonthoko kudutsa m'kapaipi kacitsulo kotalika ngati bopeni, kodzaza ndi ufa wosalala kwambiri. Kumapeto kuli nyale imene imaunika ciliconse cotuluka ndi kacipangizo kopima kuwala kumene cabweza. Pa kompyuta pamaoneka mzere wokhala ndi timapiri. Nthawi imene kaphiri katulukira imanena kuti ndi ciani, ndipo kukula kwake kumanena kuculuka kwake, poyerekeza ndi aflatoxin wodziwika muyezo amene labu imagula. Ndi kapaipi ka Tsvet komwe kaja, kungoti manje kali ndi pampu ndi diso la magetsi. Ngakhale timapepala topimira mwamsanga, timene ogula cimanga angayende nato kumudzi, timadalira madzi oyenda m'pepala, mofanana ndi kopimira malungo kamene amatibayira pa cala ku kiliniki.

Nambala zimenezi zimatikhudza ife mwacindunji. Cuku ca Aspergillus cimakhala m'nthaka ndipo cimakonda kutentha. Cimalowa mosavuta m'cimanga ndi m'nshawa zimene zavutika ndi cilala kapena zaboola ndi tizilombo, ndipo cimaculuka ngati mbeu zasungidwa zisanaume bwino. Caka ca 2024 cinali ca cilala coopsa cimene boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. N'cifukwa cake bungwe la FRA limaumirira kuti cimanga ciume bwino lisanagule. N'cifukwa cakenso nshawa za Chalimbana za kum'mawa, ngakhale zikome bwanji, sizingalowe pa msika wa ku Europe popanda pepala la labu. Ndipo pali mbali ina yowawa: nshawa zabwino zikasankhidwa kupita kunja kapena m'mashopu akuluakulu, zofota ndi zosweka sizitayidwa. Zimagulitsidwa mochipa, n'kusinjidwa kukhala nsinjiro ndi cimponde, n'kulowa m'phala la ana m'makomboni mwathu.

Makina okha sathetsa nkhaniyi. Aflatoxin sakhala mofanana m'thumba lonse. Njere zocepa cabe zingakhale ndi poizoni wambiri pamene zina zonse zili bwino, motero wotenga sampulo akangotapa pamwamba pa thumba limodzi, makina odula angapereke yankho loona la sampulo yolakwika. Makinawo amafunanso malaiti osazimazima, mankhwala oyera ogulidwa kunja, ndi munthu wodziwa kuwakonza akaonongeka. Tili ndi mabungwe amene nchito yao ndi imeneyi, monga Zambia Bureau of Standards ku Lusaka. Kumunda kulinso Aflasafe, mankhwala amene IITA inakonza pamodzi ndi ZARI, amene amamwaza mtundu wa cuku comweco wosapanga poizoni kuti ulande malo a woipa uja.

Ife a m'tauni, amene timagula unga pa thumba kapena pa pamela, sitinaone munda umene cimangaco cinacokera kapena nkhokwe imene cinasungidwamo. Agogo athu anali kusankha okha njere zoola asanapite ku cigayo. Ife mwai umenewo tilibe, ndipo cimene catsala pakati pa ife ndi poizoni ndi munthu wa mu labu ndi nambala imene walemba. Motero tili ndi ufulu wofunsa mafunso ocepa koma olunjika kwa ogaya ndi kwa oyang'anira: kodi unga umapimidwa kangati, masampulo amatengedwa bwanji, anapeza ma ppb angati, ndipo zotsatira zake zimalembedwa pati kuti tonse tiziwerenge? Mu 1960 anthu anadziwa za poizoniyu nkhukundembo zitafa. Mu 2024 ife tinadziwa agalu atafa. Pakati pa zaka ziwirizi, njira yomupezera nyama isanafe inali itakhalapo kwa zaka zoposa 60.

Kwa amene muli ku sekondale kapena ku UNZA ndi CBU ndipo mumaona chemistry ngati phunziro longovutitsa, nchito yake ndi imeneyi. Njira yomweyi ndi imene imapima ngati piritsi la malungo lili ndi mankhwala okwanira, ngati tomato ali ndi zotsalira za mankhwala opopera, ndiponso ngati wothamanga wamwa zoletsedwa. Dziko lathu lifunika anthu ambiri odziwa kutenga sampulo moyenera, kuyendetsa makinawa ndi kuwerenga timapiri tija, ndiponso olimba mtima kulemba nambala imene apeza ngakhale mwini cigayo asakondwe nayo.